Chitseko cha ku Chilobwe

Ndimasakaniza penti m'sitolo ina ku Limbe.
Madontho atatu achikasu, limodzi lofiira,
ndowa yonse n'kusanduka papaya wakupsa.
Maso angawa ndiwo amalipira lendi.
Koma chitseko chathu cha ku Chilobwe
chandikanika, Ndaziona.

Unati, "Uchipake chobiriwira."
Ndinapaka Loweruka lonse, mpaka msana kuwawa.
Iwe pobwera kumsika unangoima chilili,
dengu likadali pamutu: "Si ichi ayi."
Ine ndinamva kubiriwira kwa nkhwani,
iwe unkanena kubiriwira kwa thambo
chiperoni chikangotha.
Liwu ndi limodzi lomwelo, koma lanyamula mitundu iwiri,
ndipo aliyense wa ife anatsitsamo wake.

Ndili Fomu 3, a Chikakuda anabwera ndi kagalasi kangodya zitatu
atakamanga pampango ngati ndalama yachopereka.
Anakaika pawindo. Dzuwa linalowa loyera,
linatuluka lili mizeremizere pakhoma.
Kuwala ndi mafunde, anatero.
Chofiira chimaponda patalipatali, ngati munthu wamtali wosafulumira,
chamtundu wa duwa la jakaranda chimaponda pafupipafupi,
koma panjira yopanda kanthu zimafika pamodzi.
Zimapatukana zikalowa m'galasi.
Ndinalemba m'kope, mayeso ndinakhoza, n'kuiwala.

Ukukumbukira tikuchoka ku Chichiri wapansi,
ndalama yaminibasi titagulira chipisi?
Ine phazi limodzi, iwe mapazi awiri,
komabe pa Ginnery Corner tinafika mapewa ali pamodzi.
Panalibe wodikira mnzake.

Galasi lathu linali khonde lija la ku Kwinzi,
usiku umene namwino anatibwezera shawelo
yopindidwa bwinobwino, yosagwira ntchito.
Tinalowamo tili kuwala kumodzi.

Iwe unalira pompo,
unalira mawa lake, ndi mkuja,
timafunde tothinana, tosapereka mpata wopuma.
Langa funde ndi lalitali.
Limanyamuka lero n'kudzandipeza patapita miyezi inayi,
ndili pakati posakaniza pinki
wa chipinda cha mwana wa munthu wina,
ndodo m'manja, bwana akufunsa ngati ndadwala.
Kunyumba ndimafika litadutsa kale,
iwe n'kuona nkhope youma gwa,
n'kuuza mlongo wako pafoni kuti unakwatiwa ndi mwala.

A Chikakuda ananenanso china, belu litalira kale,
anzanga akukankhana pakhomo:
kuseri kwa chofiira kuli kuwala kwina
kumene diso silingakuone,
khungu lokha ndilo limakumva.
N'chimodzimodzi mbaula imene makala ake akwiririka ndi phulusa.
Umayesa yazima,
mpaka utayandikiza dzanja.

Sinditha kuzinena izi tikamadya.
Mawu amandiuma kukhosi ngati penti yosiyidwa yosatseka.

Koma madzulo ndikamaweruka, ndili pasiteji ku Limbe,
ndimayang'ana phiri la Soche.
Kuchokera kumeneko ndi lamtundu wako,
lofanana ndi thambo, lopepuka,
ngati mphepo ingalinyamule.
Ndikatsika minibasi m'munsi mwake,
fungo la utsi wamakala, ana akuthamangitsa tayala,
ndi lamtundu wanga: chimanga, udzu, timitengo totsala.
Phiri silinasinthe malaya panjira.
Ndine ndasuntha.

Ndabwera ndi kachitini kena,
adzandidula pamalipiro a mwezi uno.
Sindinathiremo kanthu, ndi koyera,
utoto uli m'timabotolo m'thumba la jekete.
Burashi ndaiviika m'parafini kuseri kwa bafa.
Mawa kukacha, dzuwa lisanakwere,
utuluke, ukaime pamene unaima tsiku lija.
Ine ndidzabwera pomwepo, pambali pako,
ndizidzathira dontho limodzilimodzi.
Likadzakwana, usadzanene dzina la mtunduwo.
Udzangondigwira mkono.